Batire la wotchi yanga likutha msanga, ndithandizeni

Moni nonse abale anga. Ndavutika ndi wotchi yanga yapamkono, ija yolumikiza ku foni, ndiye ndati ndifunse kwa inu odziwa.

Achimwene anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg chaka chatha. Poyamba ndikaitchaja Lamlungu inkafika Lachisanu. Pano ndikaichotsa pa chaja 6 koloko m'mawa itadzaza, pofika 3 koloko masana yazima. Zikundipweteka mtima chifukwa adokotala anandiuza kuti ndiziyenda tsiku lililonse chifukwa cha BP, ndipo ndiyo imandiwerengera masitepe ndi kugunda kwa mtima.

Ndinachepetsa kuwala, ndinazimitsa GPS, mauthenga a WhatsApp ndinawaletsa kubwera pa wotchi. Ndinafufuta zonse n'kuyambiranso, koma palibe chasintha. Wokonza mafoni pamsika anangoitembenuza kawiri n'kundibwezera, akuti alibe batire laling'ono choncho.

Chomwe ndikukayikira ndi katchajidwe kanga. Kuno ku Salima magetsi akazima masana, ndimaisiya pa kachaja kake ka maginito usiku wonse, nditalumikiza kumutu wa chaja ya foni. M'mawa ndikaigwira imakhala yatentha kumsana, ndiye kutentha kwa kunyanja kuno mukukudziwa. Pa power bank imangotchaja mphindi zochepa, kenako power bankyo n'kuzima yokha.

Batire lake ndi la 300 mAh, foni yanga ndi ya Android.

Kodi kugoneka wotchi pa chaja ndi komwe kwapha batire? Nanga zija amati batire la lithium lizikhala pakati pa 20% ndi 80% zingalipulumutsebe? Ndipo ku Lilongwe ndi kuti komwe amasintha batire n'kumatanso bwino kuti madzi asamalowe? Chonde ndithandizeni.