Zipi ya diresi la ukwati ikukana kukwera, ndithandizeni

Wofunsa, Mabvuku: Abale anga, ndasowa mtengo wogwira. Ndine mmodzi wa operekeza pa ukwati wa mng'ono wanga, ndipo iye anasankha diresi lamakono lothina kuyambira m'chiuno mpaka m'mawondo, limene analiona pa Instagram. Telala wa ku Mbare, kuno ku Harare, anandiyeza, ndalama ndinalipira ndekha ngakhale akuchimuna analonjeza kuti nsalu agula ndiwo, koma dzulo zipi yakana kukwera. Apongozi akuti ndisayerekeze kuonda poti anthu adzati mwana wawo sandisamala, pomwe mlamu wanga, yemwe sanabwezebe mapoto anga, akungondiseka. Ndidye chiyani kuti ndikwanemo?

Bambo a ku Highfield: Mayi, vuto si thupi lanu, vuto ndi masitayelo ojambulidwa pa atsikana amene sanalawepo nsima. Ku France komweko, kuyambira 2017, lamulo limafuna kuti oonetsa zovala akhale ndi kalata ya dokotala, ndiponso kuti chithunzi cha malonda chimene thupi lake lachepetsedwa pa kompyuta chilembedwe kuti chakonzedwa. Eni ake akuchita manyazi, ife tikuthamangira zomwezo.

Mayi a ku Mufakose: Ine ndinasiya nsima milungu itatu chifukwa cha chinkhoswe, ndikumwa madzi a mandimu okhaokha, ndipo ndinagwa m'minibasi pa siteji ya Copacabana. Chowawa kwambiri chinali chakuti anansi anayamba kunong'onezana kuti ndadwala matenda aja.

Bambo a ku Highfield: Mwamva? Amayi athu ankamanga chitenje, ndipo chitenje sichifunsa kuti wanenepa liti.

Namwino wopuma: Bambo, musanyengerere anthu, pakuti shuga ndi kuthamanga kwa magazi zikutha mabanja kuno. Mayi, tengani tepi: chiuno chanu chisapitirire theka la msinkhu wanu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa mlungu, ndipo mchere usafike magalamu 5 pa tsiku. Chepetsani shuga wa mu tiyi ndi zakumwa zozizira, nsima muzidya ndithu koma ndiwo zamasamba zichuluke. Komabe ukwatiwo ndi wa liti?

Bambo a ku Highfield: Anamwino, zakumwazo boma la Zimbabwe linaziikira msonkho mu 2024, koma ndani anasiya? Agogo anga anamwalira ali ndi thupi lawo, mano ali onse, osadziwa sikelo.

Mnyamata wa ku Dzivarasekwa: Pepani akuluakulu, ine nkhawa yanga ili pa mapoto aja. Alamu abweze msanga, mwina ndi mmene akuphikira zimene akukusekerani nazo.

Telala, Glen View: Tembenuzani diresilo muone ngati mnzanga anasiya nsalu m'misoko ya m'mbali. Ngati anasiya, kumasula ndi ntchito ya ola limodzi. Ngati sanasiye, achotse zipi aike zingwe zomangira kumsana. Zipiyo ikuimira pati, ndipo kwatsala masiku angati?

Wofunsa, Mabvuku: Zikomo nonse. Ndinaiwala kunena kuti apongozi omwewo ndi amene anakana kuti tivale zitenje zofanana, ati ndi zachikale, ndipo za mapoto ndawauza bambo a kunyumba koma angoti zii.

Namwino wopuma: Mayi, tsiku la ukwati.