Ndimutumize mwana kwa agogo ake kapena ndilimbe naye konkuno?

A admin chonde mundibise dzina, a ku zoni kwathu ambiri ali pa gulu pano.

Ndine mphunzitsi wa pulaimale, ndili ndi Sitandade 2 pa sukulu ina yakumudzi kuno ku Dedza koma kwathu ndi ku Mulanje. Ana ndili nawo awiri, wamkulu ali Sitandade 5 pasukulu pomwepa, wamng'ono wangokwanitsa zaka 2. Bambo awo tinasiyana ndili woyembekezera, nkhani yake ndi yaitali sindiyiyamba pano, kungoti chithandizo amatumiza akafuna eni ake, mwezi uno K20,000 pa Airtel Money kenako zii miyezi itatu, ukaimba akuti ndili mu miting'i ndikuimbira.

Nyumba ya pasukulu sindinapeze ndiye ndimachita lendi pa tireding'i, mphindi 40 wapansi. Ndimadzuka 4 koloko, kukoleza mbaula, kuthamangira kumjigo mzere usanatalike, phala, kusambitsa ana ndipo kuzizira kwa Dedza mukukudziwa, mwana kumuvula malaya m'mawa imakhala nkhondo. 7 isanakwane ndikhale nditasaina kuofesi. M'kalasi mwanga muli ana opitilira 120 ambiri okhala pansi, pofika poweruka mawu amakhala atasasa, makope ndimachongera kunyumba ndipo lesoni pulani ndimalemba usiku ndi tochi ya foni ana atagona.

Mtsikana amene amandilelera mwana anachoka sabata ziwiri zapitazo, wachitatu ameneyu chaka chino. Sindimuda ayi, malipiro anga anachedwa ndiye ake anachedwanso, nayenso ali ndi kwawo. Chichokereni ndakhala ndikupita naye mwana kusukulu kumbuyo. Ndiye Lachiwiri kunatulukira a PEA, alangizi oyendera sukulu za m'zoni yathu, osatiuza. Ndinamuyalira chitenje pakona nkumupatsa mbatata kuti atanganidwe, ine ndili pa bolodi ndi maphatikizo, ba be bi bo bu, ndikungomva kalasi yonse gwede kuseka. Kucheuka, mwana watsegula chikwama watenga cholembera chofiira wakhwatchakhwatcha sikimu yanga ya Chichewa, buku la ndondomeko ya zophunzitsa teremu yonse, masamba anayi, choko china chili mkamwa milomo yonse mbuu. A PEA anangogwedeza mutu nkumalemba zawo. Atapita ahedi anandiitana, akuti madamu kalasi si mkombaphala, kuyambira Lolemba mwana asaonekenso. Sanalakwitse koma ndinakalilira kuseri kwa kalasi.

Mayi anga akuti mwanayo abwere ku Mulanje akhale nawo mpaka adzayambe sukulu. Koma mayi ali ndi BP, akusunganso ana awiri a malemu achemwali anga, ndipo ndi mtengo wa basi wa pano ndizikamuona pa holide pokha. Kungoganiza zoti adzandiona ngati mlendo mutu ukuwawa. Amene munadutsamo, ndimutumize? Kapena pali njira ina yomwe ine sindikuiona chifukwa chotopa?

Mphunzitsi wopuma, Kasungu:
Mwana wanga pepa. Ine ndinatumizapo wanga kwa mayi ali ndi zaka 3, sanavutike, anakula bwinobwino, koma nditapita pa holide yoyamba anabisala kumbuyo kwa agogo ake nkumanditchula kuti anti. Mpaka lero ndimakumbuka. Usanamutumize yamba wafunsa amayi a mother group, gulu lija la amayi a m'mudzi othandiza ana pasukulu panupo, amadziwa khomo lililonse m'mudzimo. Sipangalephere kupezeka gogo wina wapafupi woti uzimusiyira m'mawa nkumutenga poweruka, iwe nkumamupatsa kangachepe ndi sopo ndi shuga. Wa Sitandade 2 umaweruka msanga, si tsiku lonse ayi.

Mayi wina, Area 25:
Sisi mukuzungulira pomwe vuto lili poyera. Bamboyo mukumusiyiranji? Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limati kulera mwana ndi udindo wa makolo onse awiri, kaya muli pa banja kaya munasiyana. Pitani kukhothi la majisitireti mukasume za chithandizo cha ana, ngati simukudziwa poyambira yambirani ku ofesi ya social welfare pa boma kapena ku Legal Aid. Sungani mameseji onse a Airtel Money aja, ndi umboni wanu woti amatumiza mwa apo ndi apo. Ndalama ikamabwera mwezi ndi mwezi wantchito sangakuthaweninso.

Mwini funso:
Zakukhothi ndimaziganiza koma ankhoswe akuti ndikatero ndawachititsa manyazi a kuchimuna, akuti tikambirane pachibale. Takhalapo pansi kawiri, amalonjeza pamaso pa anthu basi.

Mayi wina, Area 25:
Ankhoswewo akugulirani matewera angati chisiyanireni?

Bambo wina:
Azimayi a masiku ano mukangoyamba kulandira salale basi ukwati mwauponya uko, bwererani kwa amuna anu madamu ana akule ndi bambo awo.

Mphunzitsi, Mzimba:
Achimwene mwawerenga komwe kapena mwangothamangira kukomenta? Munthu wafunsa za mwana. Madamu ine langa ndi la thiransifa. Yosintha boma payokha imavuta ndipo imatenga nthawi, koma ukapeza mnzako wa ku Mulanje amene akufuna kubwera chigawo chapakati nkusinthana zimapepukirako. Lembani pa magulu a WhatsApp a aphunzitsi kuti mukufuna wosinthana naye, kalata idutse kwa ahedi ndi a PEA. Mukakhala kufupi ndi mayi, mwana azitsala ndi agogo ake masana madzulo nkumagona ndi inu. Chokhacho musalowe katapila kuti mulipire wantchito, ine anandidya chaka chonse, bola banki mkhonde.

Mwini funso:
Zikomo nonse, ndawerenga zonse ngakhale za abambo ajanso kkkk. Mawa ndikaonana ndi tcheya wa mother group tikaweruka, ndakumbuka kuti pali gogo wina amagulitsa zitumbuwa pa geti ndipo mwanayu anamuzolowera kale. Za Mulanje ndawauza mayi adikire kaye teremu ithe. Amene munapitako kukhothi mundiuzeko ku inbox ya a admin, amafuna mapepala anji, nanga munthu amayenera kujomba masiku angati? Ahedi panopa sindingawapemphenso tsiku lina, sikimu yomwe ija sindinamalize kukopera.