Bambo awapeza ndi khansa ya prostate, tisankhe chiti?

Membala wobisa dzina: Admin ndibiseni dzina chonde. Bambo anga a zaka 68 awapeza ndi khansa ya prostate (kachiwalo ka abambo ka pansi pa chikhodzodzo). Anayamba ndi kudzukadzuka usiku, mkodzo ukungodontha, pano ali ndi paipi. Adokotala akuti tikambirane kunyumba: jakisoni wa miyezi itatu iliyonse, opaleshoni yochotsa mavalo, kapena radiotherapy (kuwotcha khansayo ndi makina). Ine ndine wachitatu kubadwa koma zonse zandigwera. Achimwene ali ku Joni amangotumiza ma voice note, ndalama ayi, chonsecho mu Disembala anagula galimoto. Mayi otipeza akuti ndi zam'mudzi, chifukwa cha munda umene bambo analimbirana ndi amalume. Kuntchitonso akuti masiku anga a tchuthi anatha. Tisankhe chiti abale?

Madala wa ku Ndirande: MUSALOLE MPENI!! Munthu wamkulu, wa zidzukulu, mukamufule ngati mbuzi? Mlamu wanga anamuchita zomwezo, chaka sichinathe tinaika.

Namwino Nabanda: Pepani ndi matenda, achemwali. Simunatiuze chachikulu: khansayo yafalikira kapena ikadali pa prostate pokha? Pa pepala la biopsy (zotsatira za kanyama kamene anadula kukayeza) pali nambala ya Gleason yosonyeza ukali wa khansayo, imakhala pakati pa 6 ndi 10. PSA, nambala ya poyeza magazi ija, inali ingati? Anawajambula mafupa?

Madala wa ku Ndirande: Manambala a chiyani inu, munthu akuvutika. Mlamu wanganso anali nawo manambalawo.

Nachisale: A Madala, mlamu wanuyo anapita kuchipatala atasiya kale kuyenda, munanena nokha pa gulu lino. Musawopseze mwana.

Madala wa ku Ndirande: Mayi, nkhani za abambo muzisiyire abambo.

Nachisale: Amene amachapa zofunda ndi kukhuthula thumba la mkodzo usiku ndi ndani? Si ife?

Mkulu wa Zitsamba: Masamba a soursop osakaniza ndi cham'mwamba, kapu m'mawa kapu madzulo. Ndipezeni ku inbox.

Admin: Malonda pano ayi. Chenjezo lomaliza.

Che Phiri, Kasungu: Ine ndi amene ndikubayitsa jakisoniyo, Zoladex, amabaya pamimba. Mkodzo unayamba kuyenda, paipi anachotsa. Koma thupi limangotentha mwadzidzidzi, thukuta kamukamu ngakhale mu Juni, ndipo za m'nyumba zija ndinaiwala. A Madala dziwani kuti jakisoni ndi mpeni ntchito yake ndi imodzi, kutsitsa testosterone, mphamvu yachimuna ya m'thupi imene khansayi imadyapo. Kusiyana kwake, mpeni ndi kamodzi basi, jakisoni ndi thiransipoti ndi ndalama mpaka kalekale. Akasowa m'famase mtima suukhala m'malo.

Madala wa ku Ndirande: Bola jakisoni, munthu uikidwe uli wathunthu.

Jay B: Kkkk a Madala pa 68 akufunabe kugoletsa zigoli.

Mayi a Tadala: Achimwene a ku Joniwo ndi ofanana ndi athu. Maliro a mayi anatumiza nkhata yokha, lero akufuna nyumba. Musawasekerere.

Namwino Nabanda: Ndibwerezenso poti zakwiririka. Ngati sinafalikire ndipo Gleason ndi 6, ena amangowayang'anira ndi kuyeza PSA pafupipafupi. Ngati ndi yaukali koma ili malo amodzi, radiotherapy kapena kuchotsa prostate yeniyeniyo kungachize, ngakhale ena amatsala ndi vuto lodontha mkodzo. Ikafika m'mafupa, cholinga chimakhala kuigwira kuti isathamange: jakisoni kapena kuchotsa mavalo, nthawi zina ndi chemo (mankhwala amphamvu opha khansa). Mwendo ukayamba dzanzi kapena msana kupweteka kwambiri, thamangani nawo tsiku lomwelo.

Gift wa ku Lusaka: Kale anthu ankabwera kuno ku Cancer Diseases Hospital kapena kupita ku India. Pano makina a radiotherapy alipo ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kafunseni ku Kamuzu Central. Koma ndi tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo, konzani pogona.

Madala wa ku Ndirande: Makina owotcha munthu? Ine ayi.

Nachisale: Kodi eni ake odwalawo mwawafunsa chimene akufuna?

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Mapepala ali ndi mayi otipeza, anakhomera mu sutikesi, ndipo sitikuyankhulana chiyambire Lamlungu. Komanso wina wajambula post iyi n'kutumizira achimwene ku Joni, pano akundiimbira mokalipa. Amene wachita zimenezi Mulungu akuone.

Madala wa ku Ndirande: Achimwene anuwo andiimbire ine, ndiwafotokozere za mlamu wanga.