Amuna anga ndi apolisi kuno ku Joni, tulo tinawathawa: ndi chibadwa kapena matenda?

Admin ndibiseni dzina chonde, muno muli anthu a kutchalitchi kwathu ambiri.

Ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Zomba koma ndimakhala ku Turffontein. Amuna anga ndi apolisi, sajeni, ntchitoyi agwira zaka 14. Musadabwe kuti analowa bwanji upolisi wa kuno: anabadwira konkuno, bambo awo anali tchona wa ku Nkhata Bay amene anabwera ndi Wenela, bungwe lija lolemba anthu ntchito za m'migodi, n'kukwatira mayi wa Chizulu.

Chibadwire ndi munthu wofatsa, wosayankhulayankhula, wosamala zinthu mopitirira muyeso. Tili pa chibwenzi ankafika pamalo theka la ola nthawi isanakwane. Yunifolomu amasita okha, ati ine ndimakhotetsa mzere wa buluku. Ndinawakondera zomwezo kunena zoona, anyamata aphokoso anali atanditopetsa.

Zinthu zinatembenuka ndi moto uja wa ku Marshalltown pa 31 Ogasiti 2023, m'nyumba ya Usindiso momwe munafa anthu 76, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Iwo anali pa shifiti ya usiku, anali m'gulu la otchinga msewu pamene mitembo inkayalidwa panja. Anafika m'mawa, anasamba kawiri, tiyi sanamukhudze. Mpaka lero sanandiuzepo chimene anaona.

Pano geti amakhoma, kulowa m'nyumba, kutulukanso kukagwedeza loko, mwina katatu. M'tchalitchi sakhala kutsogolo, amafuna benchi ya kumapeto, msana ku khoma, maso ku chitseko. Amadzidzimuka 2 koloko usiku thukuta lili kamukamu, mtima ukugunda moti ndikaika dzanja pachifuwa ndimaumva. Tinapita ku kiliniki poganiza kuti ndi BP, anayeza zonse n'kuti ali bwinobwino.

Chandilembetsa ndi cha Loweruka. Ndinagula nkhuku yamoyo, nditaikosola ndinkaiwawula pa mbaula kuseri. Fungo la nthenga litangowafika anatuluka m'nyumba, anakankha mbaula ija ndi phazi makala n'kumwazika, kenako anakhala pansi pakhonde manja akunjenjemera. Mwana wathu wa zaka 6 anathawira kwa aneba. Sanandimenyepo chikwatirane, ndinene izi poyera ena asanayambe. Koma mowa awonjezera, amamwera m'galimoto asanalowe m'nyumba, ndipo mfuti ya kuntchito imagona m'bokosi lake lachitsulo m'chipinda mwathu momwemo.

Ndikati tikaonane ndi adokotala a maganizo amati akangomva kuntchito awalanda mfuti, awaika pa kauntala yolandira madandaulo, udindo osakweranso. Apongozi anga akuti mwana wawo ndi mmene analili, ndisamusemere matenda. Ndiye ndi khalidwe lawo lomwe lija langokula, kapena adwala? Ndiwayambe bwanji?

MAYANKHO

Mlonda wa ku Midrand: Mayi, ine sindine wapolisi, ndinagwira zaka zisanu pa magalimoto onyamula ndalama. Mnzanga anaomberedwa ndili pambali pake. Chaka chathunthu taxi ikaphulitsa ekizosi ndinkagwa chafufumimba, ana n'kumaseka. Za loko zija ndi zanga zomwe. Musawafunse kuti munaona chiyani, sayankha. Ine anandimasula ndi mkulu wina amene anadutsamo, tinkangokhala m'galimoto iye n'kumafotokoza zake. Alipo mnzawo wa kuntchito amene amamukhulupirira?

Mtsikana wa saluni: Apolisi onse ndi choncho asisi, fufuzani foni. Kumwera m'galimotoko akuyankhula ndi wina.

Mlonda wa ku Midrand: Inu, munthu wachibwenzi amanjenjemera ndi fungo la nthenga?

Bambo wa ku Mayfair: Izi ndi za mizimu. Anthu aja anafa imfa yowawa, ena anaikidwa kutali ndi kwawo. Mupite nawo ku mapemphero.

Namwino wa ku Joni: Achemwali, mapemphero sindikuletsa, koma mundimvere. Apongozi anu akunena zoona theka. Munthu wosamala kwambiri, wosunga zinthu mumtima, wofuna chilichonse chikhale pa mzere, ndi amene mabwana amamukonda, ndi yemwenso nkhawa imamudya mwakachetechete chifukwa sadandaula. Anzake aphokoso amatukwana, kuseka pa mowa, zina n'kutuluka, ngakhale nawonso amagwa. Koma kusita yunifolomu ndi khalidwe. Kudzidzimuka usiku, kuthawa fungo, kukhala tcheru ngati mdani ali pakhomo miyezi yonseyi, zimenezo zili ndi tsiku limene zinayamba, ndipo mwalitchula nokha. Kuchipatala timati PTSD, vuto la maganizo lobwera munthu akaona zoopsa. Thupi limakhala ngati likadali pamalo a ngozi paja, n'chifukwa chake makina a BP sanapeze kanthu. Onjezani mashifiti a maola 12, lero usana mawa usiku, tulo sitingakhazikike. Si misala, ndipo anthu amachira akapeza uphungu, ena ndi mankhwala omwe.

Ku SAPS, kupolisi ya kuno, kuli nthambi yosamalira umoyo wa antchito ya Employee Health and Wellness, kuli alangizi ndi abusa a apolisi. Ngati akuopa maso a anzawo, ali ndi Polmed, medical aid ya apolisi, afunse za kuonana ndi dokotala amene si wa kupolisi. Inunso mutha kuimba ku SADAG, bungwe lothandiza pa mavuto a maganizo, pa 0800 567 567, ndi yaulere, usiku ndi usana, amalangiza ndi abale omwe.

Za mfuti sindikunyengererani. Mowa, kusowa tulo ndi mfuti m'chipinda chimodzi, ine sindingagone. Apempheni tsiku limene sanamwe kuti aziisiya ku siteshoni akaweruka. Ndipo afunseni mosazungulira ngati anaganizapo zodzipha. Kufunsa sikumuika munthu maganizowo.

Mayi wa ku Rosettenville: Anga anapuma upolisi chaka chatha. Chipwirikiti cha Julaye 2021 chija, masitolo akuthyoledwa ku Vosloorus ndi ku Soweto, anabwerako munthu wina. Mawu oti dokotala wa maganizo musawatchule n'komwe, amuna a yunifolomu amamva ngati mwawavula. Ine ndinati tiyeni tikapeze thandizo la tulo basi, ndipo ndinayamba ndi kulowa ndekha. Pa kauntala anakhalapo miyezi ingapo, anadandaula, koma anabwerera ku ntchito yawo. Apongoziwo asiyeni, sagona nawo chipinda chimodzi.

Mwini funso: Zikomo nonse, ndawerenga mpaka misozi. Asisi a saluni, foni yawo ilibe ndi loko yemwe, mwana amaseweretsa. Achimwene a ku Midrand, alipo mkulu wina anayendapo nawo vani imodzi zaka zambiri, anatiimira pa ubatizo wa mwana wathu woyamba, ndimuimbira mawa. Anamwino, funso lija la kudzipha landiuma pakamwa. Lachinayi akhala pa ofu, ana ndikawasiya kwa mchemwali wanga ku Yeoville. Koma ndiyambe ndi liti, la mfuti kapena la tulo? Ndikuopa kuti ndikayamba ndi mfuti atseka pakamwa, zonse n'kuthera pomwepo.