Mboni yasintha mawu: kalata ndiitulutse nthawi yanji?

Akuluakulu, makamaka inu amene mwakalambira m'makhoti, ndithandizeni nzeru. Ndine loya wongoyamba kumene kuno ku Blantyre, ndipo mwezi wamawa ndikaima ndekha koyamba ku High Court ku Chichiri. Ndikuimira wodandaula pa mlandu wa ngongole ya katundu amene anaperekedwa koma sanalipiridwe. Kwa mkhalapakati tinapitako, zinakanika.

Paja malamulo a 2017 oyendetsera milandu ya civil (yosakhala yaupandu) amati mboni ilembe umboni wake pasadakhale, ndiye kukhoti ntchito yaikulu imakhala yoipanikiza ndi mafunso. Apa ndi pamene mutu waima. Mboni ya mbali inayo yalemba kuti katunduyo sanafike n'komwe, chonsecho mu trial bundle (mtolo wa zikalata za mlanduwu zoperekedwa kukhoti) muli kalata imene iyo yomwe inasaina, yopempha kuti tiwadikire pang'ono adzalipira.

Kodi ndiyambe n'kalatayo kuti jaji aone msanga kuti munthuyu ngwabodza? Kapena ndimusiye abwereze kukanako kawiri katatu, adzitsekere yekha khomo, kenako ndiitulutse? Mtima wanga uli pa njira yachiwiriyi, koma ndikuopa kuti loya wawo, yemwe ndi chiyamba kale, aikonzekeretsa kale poti kalatayo akuidziwa.

China n'choti mboniyo ndi bambo wachikulire, ndipo adzayankha m'Chichewa kudzera mwa womasulira. Funso likamadutsa kwa womasulira limafika litazizira, munthu n'kupeza mpata woganiza. Inu mumatani kuti mafunso asazilale, komanso osaoneka ngati mwana wamwano pamaso pa jaji?