Nsapato za ku Kariakoo ndi ngongole ya K400,000

Msungichuma: Mwaswera bwanji amayi nonse a banki m'khonde yathu. Ngongole ya Anaphiri, K400,000 ija anatenga mu Ogasiti, tsiku lake ladutsa. Abweza K120,000 yokha, ndipo chiwongoladzanja cha 10 peresenti pamwezi chikuwerengedwabe. Disembala tikugawana, tisadzayang'anane ndi diso lofiira.

Anaphiri: Sindikuthawa ayi amayi anga, katundu ndi amene wandigwetsa. Ndinaoda nsapato zachizimayi mapeyala 30 kwa bambo wina wa ku Kariakoo, ku Dar es Salaam. Tinagwirizana masaizi 38 mpaka 41. Nditatsegula katoni kudepoti ndinangokhala pansi: mapeyala 22 ndi saizi 36 ndi 37, zina guluu akuonekera m'mphepete mwa soli. Masabata atatu ndikuziika pa status ndi pa Facebook, aliyense akungofunsa kuti 40 ilipo? Ndagulitsa 7 zokha, ndalama yake ndi imene ndinabweretsa ija. Ndikupempha chiwongoladzanja chiyambe chaima.

Anachisale: Koma tinene chilungamo. Nambala ya bamboyo anaiponya muno ndi Anabanda, akutama kuti ndi munthu wokhulupirika. Lero asakhale chete ngati sizikuwakhudza.

Anabanda: Anachisale, ine sindinabisale. Nambala ndinapereka, katundu sindinasankhe. Kwa bambo amene uja ine ndimapikulako zitenje, ndipo sinditumiza ndalama asanandionetse pa video chitenje chimodzichimodzi akulongedza. Chitenje chilibe saizi, wonenepa ndi woonda onse amamanga. Nsapato ikakana phazi yakana basi. Ndinawauza mayiwa kuti ayambe ndi mapeyala 5 aone kaye, anandiyankha kuti ndikuwachedwetsa.

Anaphiri: Bamboyo anati osakwana 30 mtengo wopikulira palibe. Komanso thiransipoti ndi msonkho wa pa boda ya Songwe pa mapeyala 5 okha ndikanapindula chiyani? Inu Anabanda mumaoda naye mwezi ndi mwezi, inu akhoza kukumverani. Ine foni anasiya kuyankha.

Mlembi: Ndatsegula buku. Tsiku lopempha ngongole Anaphiri ananena kuti akapikula zikwama ndi zofunda kwa Malangalanga ku Lilongwe, komwe munthu amagwira katundu ndi manja ake asanalipire. Za nsapato za ku Tanzania m'bukumu mulibe. Gulu linavomera chifukwa zikwamazo anali atalandira kale maoda a anthu anayi.

Anaphiri: Zimenezo ndi zoona, ndinasintha maganizo osakuuzani. Ndinaona phindu la nsapato likukoma pa pepala. Ndinalakwa, koma mtima woba ndinalibe.

Anachisale: Palibe wanena kuti mwaba. Ine chikundiwawa n'chakuti chaka chatha tomato wanga ataola pamsika ndinalipira chiwongoladzanja chonse, ndinachita kugulitsa mbuzi. Lamulo lisamasankhe nkhope.

Wapampando: Ndawerenga zonse. Chiwongoladzanja sichiima, ndalama imeneyi ndi masheya a tonse, ena akudikira Disembala kuti agule feteleza. Koma chindapusa cha kuchedwa, ngati mukuvomereza, tichikhululuke, poti mayiwa sanabise kanthu titawafunsa. Anaphiri, muzibweretsa yomwe mwagulitsa Loweruka lililonse, musadikire ichuluke. Anabanda, inu muimbire bamboyo mawa, mumuuze kuti oda yanu ya zitenje siipita mpaka asinthe masaiziwo kapena abweze ndalama ina.

Anabanda: Ndiimba m'mawa, Anaphiri abwere kwathu tiimbire limodzi amve okha. Koma ya mayunitsi ndi yawo.

Msungichuma: Chindapusa ndavomera. Anaphiri, Loweruka mubwere nazo nsapatozo pakhonde. Atsikana a kusekondale ambiri amavala 36 ndi 37, wanga yemwe amavala 37. Ikamukwana nditenga peyala imodzi, ndalama ndiponya m'bokosi pa dzina lanu.

Anaphiri: Zikomo amayi. Ndibwera nazo zonse 23, zaguluuzo ndiyamba ndazipukuta.