Udindo uja ndinauvomera

Paja ndinakufunsani ngati ndivomere kukhala mkulu wa dipatimenti yathu pa yunivesite, poopa kuti kafukufuku wanga wa mmene thupi limagwirira ntchito pochita masewera olimbitsa thupi angafe. Ambiri munati ndivomere, bola ndisataye labu. Ndinavomera.

Zoona, misonkhano ya bajeti ndi madandaulo a mayeso zikundidyera nthawi kwabasi. Koma Lachitatu ndinalikaniza, ndi la labu basi. Wophunzira amathamanga pa treadmill (makina othamangirapo pamalo amodzi) atavala chophimba kumaso choyezera mpweya, ife tikumubaya chala kuti tione lactate (chinthu chimene chimachuluka m'magazi minofu ikamagwira ntchito mwamphamvu), thukuta lili kamukamu.

Amene munanditchulira Bengt Saltin, katswiri wa ku Sweden wa sayansi ya thupi ndi masewera, zikomo kwambiri. Mu 1966 ku Dallas, ku America, iye ndi anzake anagoneka anyamata asanu pabedi milungu itatu, ndipo mphamvu ya thupi lawo yogwiritsa ntchito okosijeni inatsika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anayi. Munthu yemweyu anadzatsogolera Copenhagen Muscle Research Centre, malo ofufuzira za minofu ku Denmark, osasiya kufufuza. Kafukufukuyu ndawapatsa ophunzira a chaka chachitatu. Ayenera kukhala atawerenga pofika Lachitatu likubwerali.